Matabwa Atatu a mu Kontena ya ku Manyamula

Nkhani iyi ndinaisunga m'mimba zaka zambiri, moti ngakhale mkazi wanga anadzaimva boma litasintha kale. Lero ndikhoza kuseka, koma tsiku lomwe zinachitikalo ndinatuluka thukuta mpaka m'masokosi.

Munali m'zaka za m'ma 80, nthawi ya chipani chimodzi. Ine, mwana wa ku Ntcheu, ananditumiza kukagwira ntchito yosunga katundu pa kachipatala kena kufupi ndi Manyamula, m'boma la Mzimba. Azungu ena akufuna kwabwino anatitumizira kontena yodzaza ndi mabulangete ndi mankhwala. Katunduyo atatha, chimkontenacho chinatsala pabwalo, ndipo aliyense anayamba kuponyamo chomwe chamusowetsa malo: matiresi ong'ambika, njinga zopanda matayala, makasu, mafayilo. Ukangotsegula chitseko, chinachake chinkakugwera paphazi.

Tsiku lina mayi Chirwa, omwe anali sisitala wamkulu, anandiitana. "A kalaliki, kontena ija ikutichititsa manyazi. Ilongosoleni."

Anauza munthu woyenera. Pa nkhani ya dongosolo ine ndinali wodzimva zedi (kunyumba kwanga ngakhale masupuni ankagona moyang'ana mbali imodzi). Ndinazungulira chipatala chonse kutolera makabati otha ntchito. Ndinapeza ya mankhwala yosweka galasi, ya mafayilo yomwe kiyi wake anatayika atsamunda asanachoke, ndi ina ya kukhitchini yodyedwa miyendo ndi chiswe. Ndinawandandalika m'mbali mwa kontena, kenako ndinaitana kalipentala wathu, a Jere, mdala wa ku Edingeni wosakonda zolankhulalankhula, kuti akhome mashelefu kuchokera pa kabati ina kufika pa inzake.

Ntchito inayenda bwino mpaka pa shelefu yomaliza, ya kumapeto kwenikweni, yodutsa pamwamba pa makabati. Matabwa anatha. Ndikufufuza m'zinyalala zomwe tinatulutsa panja, ndinapeza matabwa atatu osalala, okulungidwa m'pepala lokhuthala la khaki ndi kumangidwa ndi chingwe. Ndinagogoda limodzi, ndipo linalira ngati thabwa labwino.

"A Jere, awa. Khomani pamwambapo."

Mdalayo anatembenuza limodzi m'manja. "Adada, mwaonamo mkatimu? Tivule dankha pepalali, tione kaye. Chinthu chokulunga chonchi chimakhala ndi mwiniwake."

"Pepalalo lisiyeni, liziteteza thabwa ku chinyezi. Za kasungidwe ka katundu ine ndinakaphunzira ku Blantyre."

(Ndinakaphunziradi, masabata awiri.)

"Yewo, mbwenu tikhome," anatero a Jere, ndipo anamenya misomali ya mainchesi atatu.

Pamwamba pa shelefu imeneyo ndinaikapo zinthu zomwe sindinkafuna kuti alendo azione msanga, timapoto tija amadzithandizirapo odwala osatha kudzuka. Tinali khumi ndi tiwiri, ndipo ndinatisanja bwinobwino. Kabati iliyonse ndinaimata kapepala konena zomwe zili mkati. Kontena inasanduka ngati sitolo ya Mmwenye, ndipo ine sindinagone nayo nkhaniyo. Anamwino ndinkawakokera kuti akaone. Ngakhale kutchalitchi, munthu akangondipatsa moni wautali, ankamva za mashelefu anga.

Panapita miyezi inayi. Amene anasungako katundu mu kontena akudziwa kuti masana imatentha ngati uvuni, m'mamawa n'kumachucha thukuta m'kati. Pepala lija linafewa, mphemvu zinachita mbali yake. Koma ine ndine wamtali, shelefuyo inkandifika m'chibwano, choncho kunsi kwake sindinayang'aneko ndi kamodzi komwe.

Linafika tsiku lotsegulira wodi yatsopano ya amayi oyembekezera. Mlendo wolemekezeka anali tcheyamani wa chipani wa dera lathu. M'mawa mayi Chirwa anandipeza ndikusanja mipando.

"A kalaliki, mutulutse zithunzi zija za a Pulezidenti. Chimodzi tipachike mu wodi alendo asanafike."

"Zithunzi ziti, amayi?"

"Zija zinachokera ku Boma chaka chatha. Zilipo zitatu, zomata pa matabwa, m'pepala la khaki. Ndinaziika mu kontena kuopa fumbi."

Mpando womwe ndinanyamula unanditsika m'manja wokha.

Achinyamata a lero mwina simungamvetse. Masiku amenewo chithunzi cha mwini dziko sichinali chithunzi wamba. Pamwamba pake pasakhale kanthu, ngakhale wotchi. Tinkamva za anthu omwe anatengedwa osabweranso chifukwa chongokulungira usipa m'nyuzipepala yokhala ndi nkhope imeneyo. Ine ndinali ndi ana atatu, ndiponso ndinali mlendo m'dera la eni, wopanda wondiikira kumbuyo.

Ndinathamangira ku kontena, ndinanjuta pansi pa shelefu ija ndi kuyang'ana m'mwamba. Pepala linali lende ngati sanza. Nkhope zitatu zinkandiyang'ana. Yoyamba msomali unalowa pakhutu. Yachiwiri, Mulungu andikhululukire, pamphumi penipeni. Yachitatu inali ndi mwayi, msomali unangobaya m'mphepete mwa jekete. Ndipo pamwamba pa zonsezo panali timapoto tanga khumi ndi tiwiri.

Ndisanatsegule pakamwa kuitana a Jere, ndinamva galimoto ikuima pabwalo. A tcheyamani anafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Pofuna kuwasangalatsa podikira, mayi Chirwa anawauza kuti, "Bwana, bwerani mudzaone kontena ya a kalaliki athu, anthu onse akuikamba." Kudzitama kwanga kunandibweretsera mlendo.

Anyamata a chipani a malaya ofiira omwe anabwera nawo anaima pakhomo pamodzi ndi mayi Chirwa. A tcheyamani analowa okha. Anali munthu wamfupi. Wamfupi kwambiri.

"Yewo, mwalongosola chomene," anatero akuwerenga timapepala tanga kabati ndi kabati. Ine ndinkawatsata pambuyo. Ndinayesa kuwaonetsa makasu, ndinayesa kuwaonetsa njinga, koma iwo ankangopitabe kumapeto. Atafika pansi pa shelefu ija anakweza maso.

Ndinkamva dontho la madzi likugwa kuchokera kudenga la kontena. Bamboyo anayang'ana nkhope yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Anabwerera pambuyo pang'ono, n'kunyang'ama kuti aone zomwe zinali pamwamba. Anationa timapoto tonse khumi ndi tiwiri. Ine mumtima ndinali nditatsanzika kale ana anga.

Anandikoka malaya kuti ndiwerame, nandinong'oneza, "Alipo wina waona?"

"Ayi, bwana."

"Nanenso sindinaone kanthu, mwapulika? Dera lino ndi langa. Akamva, afunsa kuti tcheyamani anali kuti masiku onsewa. Mukatsegula pakamwa, adada, tikwera galimoto imodzi."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti mu kontenamo tinalimo amantha awiri. Anapukuta nkhope ndi mpango, n'kukuwa kuti akunja amve, "Muno mukutentha chomene! Tiyeni pamthunzi!" Chitseko anakankha okha ndi phewa.

Anasonkhanitsa anthu onse pansi pa mtengo ndi kulankhula pafupifupi ola lonse za ubwino wolima chimanga, pomwe ine ndi a Jere tinkazula misomali. Mdalayo sanandinyoze. Anangoyang'ana bowo la pamphumi lija, n'kupuma mozama, n'kuti, "Ku Blantyre amaphunzitsa chomene." Chithunzi chachitatu anachikhomera timatabwa m'mbali kubisa bowo, ndipo chinapachikidwa mu wodi amayi akuimba ndi kuvina.

Zinatsala ziwiri zoboola zija. Kuziotcha? Utsi uli ndi mboni. Kuziponya m'chimbudzi? Ngakhale kungoganiza chabe unali mlandu. Kuzisiya mu kontena sikukanathekanso. Mayi Chirwa atafunsa ndinawayankha kuti ndazisunga pabwino. Ndinazikulunga m'bulangete, ndinazimanga pa keliyala ya njinga, ndipo kunyumba ndinazilowetsa pamalo okhawo pomwe mlendo sayang'ana, pansi pa matiresi.

Mkazi wanga anadandaula kuti bedi lauma. Ndinamuuza kuti adokotala andilangiza choncho chifukwa cha msana. Atandisamutsira ku Mzimba boma, bedi ndinamanga ndekha, ndinakweza ndekha pa lole, ndinakatsitsanso ndekha.

Mlandu wanga woyamba unali woika timapoto pamutu pa mwini dziko kwa miyezi inayi. Pofuna kuukonza, ndinawagonera pankhope zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndi mkazi wanga, ndipo mwana wathu wachinayi anabadwa m'zaka zomwezo.