Ngakhale Kochi Wapuma

Lolemba

Tchuthi changa chikuyamba Lolemba likubwerali. Bambo ku Balaka sali bwino. Chrissy, mlongo wanga, akuti akungodya phala, nalonso kungolawa. Ndalama ya basi ndili nayo. Koma ulendo wake! Nairobi, Dar, Mbeya, Songwe, kukafika kwathu miyendo itatupa, kupereka moni, n'kutembenuka. Tchuthi chonse kuthera pampando. Ndege ndiyo ingathandize, koma ndege sidziwana ndi malipiro a kalaliki wa pa ofesi ya tchalitchi.

Ndiye nzeru yandibwerera ndili m'matatu, minibasi ya kuno ku Nairobi. Kubetcha pa mpira wa basiketi! Timu yomwe yapuma imagonjetsa timu yotopa, basi. Anzanga obetcha amayang'ana mayina a osewera, ine ndiziyang'ana tulo tawo. Chibadwire sindinaponyepo mpira m'dengu, koma kutopa ndimakudziwa bwino. Ndine dolo ndithu.

Lachiwiri

Kuyesa kaye ndi kochepa, pafoni. Timu ina yapuma kuyambira sabata yatha, inzake yasewera dzulodzuloli. Ndaponya pa yopumayo. Yaluza! Otopa aja akuthamanga ngati awona galu wolusa.

Nzeru njabwino, ovuta ndi anthu. Kupuma kuli ndi mitundu yake:
- kupuma kogona
- kupuma kwa ku bala
- kupuma kwa mwamuna amene mkazi wake wamupeza ali khale pakhomo n'kumupezera chochita

Foni siikuuza kuti timu yapuma kupuma kuti. Pakufunika kazitape.

Mgonero: tiyi wopanda mkaka.

Lachitatu

Kazitape wapezeka! Kamau, wa boda boda, kabaza wa njinga yamoto, wa pageti la bwalo la masewera ku Kasarani. Amanyamula osewera a timu ya malaya achikasu, yomwe ikukumana ndi Ofiira Loweruka. Chingelezi sachikonda, ndipo Chiswahili changa ndi cha pamsika, chofunsira mtengo ndi choimitsira matatu. Koma tikumvana bwinobwino. Chiswahili ndi Chichewa chomwe changovala jekete, mawu ake ndi athu omwewa.

Uthenga wa Chrissy: "Achimwene, tikiti mwagula? Bambo akuti tisese kuchipinda kwanu." Ndayankha kuti zonse zikuyenda. Mtima wandipweteka pang'ono.

Ndabetchanso kuti ndibweze ya dzulo ija. Yapita kukapeza inzake.

Lachinayi

Nkhani yabwino! Pabwalo pali zii, mpira osamveka ngakhale kamodzi. Kamau wavula chipewa, maso pansi: "Kocha amepumzika."

Kupumzika, kupuma. Ndamva ine! Achikasu sakukhudza mpira sabata yonse, ngakhale kochi wawo weniweniyo wapuma! Timu yotere angaigwetse ndani? Ndamuwomba Kamau paphewa, ndavina pang'ono, ndamugulira soda yozizira. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, soda osaigwira. Anthu a kuno sakondwera mnzawo zikamamuyendera.

Lachisanu

Yonse ya basi, pa Achikasu. Ndadina.

Sutikesi ndatsitsa, ndapukuta fumbi. Ndadzera ku Eastleigh kukaona zogula: bulangete lolemera la bambo, nsapato za Chrissy, jekete langa lotsikira ndege. Ndangofunsa mitengo, ndamuuza wogulitsa kuti asunge, ndibwera Lamlungu. Sanadzutse n'komwe mutu.

Ofiira asewera madzulo ano, masewera ake othinana mpaka kumapeto. Atope, atope ndithu! Ku Chileka ndikatsika ngati nduna.

Loweruka

Bwalo ladzaza koma palibe woimba. Achikasu alowa atamanga kansalu kakuda pamkono. Pampando wa kochi pali maluwa ndi chithunzi. Akuti tonse tiimirire, chete.

Mayi amene ndakhala nawo pafupi andinong'oneza m'Chingelezi kuti kochi anamwalira Lachitatu, mtima unangoima. N'kuwonjezera: "Amepumzika, maskini."

Ndakhala pansi ena onse akadali chiimire.

Anyamata aja kuyambira Lachitatu anali pamaliro. Kuchezera, kunyamula mipando, kulandira alendo, tulo osatiwona. Wamtali kuposa onse waponya mpira, waphonya dengu, wacheukira mpando uja, n'kuyamba kulira. Inenso misozi chuchuchu. Mayi aja andipatsa mpango, akuti ndili ndi mtima wabwino. Sindinawatsutse.

Aluza moipa. Ofiira otopa aja achita kuwamvera chisoni kumapeto.

Potuluka ndazungulira kugeti lina kuthawa Kamau. Munthu akundiuza za maliro, ine n'kumuvinira, n'kumugulira soda. Manyazi ake! Njira yobwerera kunyumba ku Buruburu ndaitha theka wapansi.

Lamlungu

Kutchalitchi ndakhala pa benchi ya kumbuyo. Sutikesi yabwerera pamwamba pa kabati. Mawa tchuthi chikuyamba, chonse chathunthu, palibe basi yondidyera ngakhale tsiku.

Ndamuimbira Chrissy kuti ulendo wavuta. Sanafunse chifukwa. Wangoti, "Kuchipinda tasesa kale," n'kupereka foni kwa bambo. Mawu awo achepa, ndachita kukanikiza foni kukhutu.

"Usadandaule, mwanawe, udzabwera ukapeza mpata. Inenso ndatopa, ndikungofuna ndipume."

Ndakuwa mpaka mnansi wagogoda khoma: "Ayi bambo, musapume! Musapume kaye!"

Aseka, n'kutsokomola, n'kusekanso. Akuti Nairobi yandisokoneza mutu. Mayunitsi athera pomwepo, ndisanawatsanzike.

Mawa ndikapempha abwana kuti tchuthichi achisunge, ndibwerere pantchito. Kupuma kwandikwana.