Imvi za pa Lamba wa Laimu

Kwa Bwana Mkulu wa Fakitale ya Laimu,
Olemekezeka a mu ofesi ya pamwamba,

Ndagwada polemba kalatayi. Mukapezamo fumbi loyera musadandaule, langoyoyoka m'mutu mwangamu. Ndine wantchito wanu uja woima kumapeto kwa lamba watsopano wonyamula laimu, amene anzanga akunditcha Agogo ngakhale ndevu zayamba kumera dzana lomweli.

Choyamba, zikomo potichotsera mawilibala. Tsopano lamba ndiye amanyamula laimu kuchokera kuchigayo kupita kuthanki yosungiramo. Kungoti safika. Amathera m'malere, patatsala mkono umodzi kuti akhudze pakamwa pa thanki. Sindikunena kuti munalakwitsa, ayi. Tonse tinakuonani mukuyeza mtundawo ndi kiyi wa galimoto muli pawindo, mutatsinzina diso limodzi. Tepi yoyezera ndi ya anthu odzikayikira.

Chachiwiri, nzeru yanu yoti lamba azithamanga kwambiri kuti laimu azidumpha yekha pampatapo inatigometsa. Amadumphadi, bwana. Wina amagwera m'kapu ya tiyi ya akapitawo, wina m'makutu mwa mlonda, ndipo mphaka wakuda wa pageti tsopano ndi woyera.

Chachitatu, ndithokoze pondikweza udindo. Munandipatsa lata kuti ndizilisenza tsiku lonse pampata paja, laimu azitsetserekapo kulowa m'thanki. Amayi anga amanyadira pouza anthu kuti mwana wawo ndi chitsulo cha makina.

Pali kanthu kamodzi kokha kandisowetsa mtendere. Ndili ndi bwenzi, telala wa kuseri kwa depoti, ndipo ndimamukonda zedi. Sabata yatha ndinakaonekera kwa makolo ake nditasamba mpaka khungu kuwawa, koma laimu wanu ndi wokhulupirika, sachoka m'tsitsi ndi m'nsidze. Bambo ake atandiona anaimirira n'kundipatsa mpando wawo, kenako anafunsa mwaulemu ngati mdzukulu wanga wofuna banjayo ali m'njira. Nditafotokoza kuti ndine ndemwe, anati mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wofunika kumutafunira chakudya. Ndinati ndidziteteze, koma ndinayetsemula, pabalaza ponse n'kuchita chifunga. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti ndibwerere ndili mnyamata, apo ayi mtsikanayo apita kwa wokonza mawailesi, wa tsitsi lakuda bii. Kunena zoona, mtima ukundiwawa.

Sindikupempha kuti muwonjezere lamba, ndikudziwa kuti mwatanganidwa kusankha makatani a mu ofesi. Pempho langa n'lochepa: mutsike masitepe, mudzandisenzereko latali kufikira tsitsi langa litada. Inunso simudzavutika pachabe. Mudzabwerera kumwambako muli ndi imvi mutu wonse, ndipo alendo osakudziwani adzakuyesani munthu wanzeru.

Ine wanu wotuwa mokhulupirika,
Agogo a Palata