Tsiku Limene Ndinasambitsa Tcheyamani ndi Masese

Mpaka lero ndikamva fungo la masese makutu anga amatentha. Ine mowa sindimwa, sindinaulawepo n'komwe (amayi anali mtsogoleri wa kwaya, ndikanayambira pati?), koma ndine ndinaunyamula n'kukalowa nawo pamsonkhano wa akuluakulu a zaumoyo mumzinda wa Bulawayo. Sunatulukemo mmene unalowera.

Zinali zaka zoyambirira dzikolo litangolandira ufulu. Ndinali mtsikana wa ku komboni ya Makokoba, mwana wa bambo ochokera ku Nyasaland, nditangomaliza maphunziro a zachuma. Ndinkathandiza Dokotala Ndlovu pa kafukufuku wa chifuwa chachikulu. Zimene tinapeza zinali zosavuta. Odwala amene mowa unawagwira ankasiyira mankhwala panjira. Akangopezako bwino, uyo ku holo ya mowa. Kenako ankabwerera kuchipatala atatheratu, atapatsiranso ana kunyumba, n'kugona pabedi miyezi. Bedi limenelo linkadya ndalama zambiri kuposa kulemba nesi woti aziwatsatira komwe amamwerako ndi kuwathandiza kuchepetsa mowa.

Tinalemba lipoti lonenepa bwino. Pamsonkhano woyamba akuluakulu aja analigwiritsa ntchito, inde, podzikupizira mphepo. Nkhaniyo inalinso yowawa kwa iwo, chifukwa maholo a mowawo ndi amene ankabweretsa ndalama mumzinda.

"Ulendo uno ukalankhule ndiwe," anatero Dokotala Ndlovu. "Ine ndikangotsegula pakamwa, amayamba kusinza."

Nditawafotokozera bambo kunyumba, anandiyang'ana mondimvera chisoni. "Mntanami, mwana wanga, anthu aja ndi andale. Manambala akowo angawamve ndani? Kawaonetse chinthu choti aone ndi maso."

Nzeru inabwera (ndinkaiyesa nzeru nthawiyo). Ndikathira masese m'kapu yoboola pansi, yoimira thumba la mzinda. Mowa ukulowa pamwamba, ndalama zikudontha pansi kupita ku mabedi a chipatala. Ndani sangamve zimenezo?

M'mawa wake ndinapita ku holo ya mowa ndi chigubu, nditavala diresi langa labwino. Amayi ogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wa a Phiri? Nawenso wayamba?" Ndinati ndi zakuntchito. Onse amene anali pamenepo anaseka, wina nati nayenso ntchito imeneyo akuifuna.

Poopa fungo, chigubucho ndinachitseka mwamphamvu, ndinamanganso pulasitiki pakamwa pake, n'kuchiika m'chikwama. Dzuwa linali la Okutobala. Ndinayenda wapansi kulowa m'tauni, chikwama chikugunda pantchafu, khutchu khutchu. Amene mukuwadziwa masese mwayamba kale kuseka. Ine sukulu yonse ija palibe anandiuza kuti mowa umenewu umakhala wamoyo.

Msonkhano unachedwa kuyamba. Utayamba, anakambirana kaye za mipope, za zimbudzi, za agalu osokera. Chikwama changa chili phee pafupi ndi windo, padzuwa. Ndinamva kakulira kakang'ono, tsiii, koma ndinaganiza kuti ndi nsapato za munthu.

Nthawi yanga itakwana ndinaimirira. "Salibonani, akuluakulu. Lero sindikuwerengerani manambala." Mitu inadzuka. A Sibanda, tcheyamani, bambo aakulu thupi ovala suti yotuwa yatsopano, anasendera pafupi kuti aone bwino. Ndinaika kapu patebulo, ndinatulutsa chigubu. Chinali chitatupa ngati mimba ya chule. Dokotala Ndlovu anachiona, natsegula pakamwa kuti andichenjeze, koma ine ndinali nditapotokola kale chitsekerero.

Phuuu!

Chitsekerero chinakamenya denga. Masese anathovokera molunjika kwa a Sibanda: kumaso, m'ndevu, patayi, m'thumba la jekete. Khansala wina, amene anamenya nawo nkhondo ya ufulu kutchire, anali kale pansi pa tebulo. M'kapu yanga simunagwe ngakhale dontho.

Ine ndinangoima, chigubu chikuchitabe thovu m'manja, ndikuganiza kuti ntchito yatha, ndipo mzimayi wina ku Makokoba wa mwamuna wotsokomola sadzamuona nesi uja chifukwa cha uchitsiru wanga.

A Sibanda anavula magalasi pang'onopang'ono. Ananyambita mlomo. "Uwu ndi wa ku Makokoba," anatero. "Wa ku Njube suwawasa chonchi."

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Wa pansi pa tebulo uja anatuluka akunena kuti amafuna cholembera chake.

"Tsono mwana wanga," anapitiriza a Sibanda akudzipukuta ndi tsamba la lipoti lathu, "wandisambitsa. Ndiuze chifukwa chake, mwachidule, ndisanayambe kuledzera."

Mantha anandichotsera mawu onse akusukulu. Ndinangoti, "Baba, mowa ukubweretsa ndalama, koma chifuwa chikuzitenganso. Munthu akasiya mankhwala, mumamulipirira kawiri. Nesi ndi wotchipa kuposa bedi."

A Sibanda anavalanso magalasi awo. Kenako anati mchimwene wawo anamwalira choncho, mapiritsi ali osatha m'kabati. Mafunso anayamba kugwa, enieni, ndipo Dokotala Ndlovu anayankha popanda wina kusinza. Akuluakuluwo sanavomere zonse, koma analola kuyesa nesi m'kachipinda ka pafupi ndi holo imodzi. Azibambo ena amene ndinkawaona akutsokomola pakhomo pa holoyo anakalamba mpaka kuona zidzukulu.

Suti ya a Sibanda ndinapempha kuti ndikaichapitse, anakana. Pambuyo pake anati akazi awo sanakhulupirire nkhani ya kafukufuku, moti ndinachita kupita ndekha kukawachitira umboni.

Mungaganize kuti kuyambira pamenepo ndinasiya kunyamula zinthu popita kumisonkhano. Ayi ndithu. Chaka chotsatira tinali ndi kafukufuku wa malungo, ndipo ndinapita ndi botolo la udzudzu wamoyo. Chitsekerero chake ndinachimasula pang'ono kuti mpweya uzilowa.