Vaneti ya a Mbewe

Lolemba, 7 Okutobala 1996

Uthenga ukundipeza dzanja lili m'thanki ya chimbudzi. Ndabwera kunyumba m'mawa kudzasamba ndi kuphika phala, ndasiya Bana Chanda, mnansi wathu, pambali pa bedi la amuna anga kuchipatala. Tsopano aima pakhomo la bafa, nsapato zili m'manja. "Amake Dalitso, basi. Ba Mbewe batisiya."

Ndikufunsa nthawi. Kenako ndikukumbuka kuti ndikasiya mpira woyandama wa m'thankimu, madzi asefukira. Ndikuusiya. Akusefukira.

Dokotala akuti ndi valavu ija ya mumtima. Anatiuza kalekale, mpaka kutijambulira papepala: kachitseko kosatsekeka bwino, magazi amadutsa, ena n'kubwerera m'mbuyo. Anati ifunika kuisintha, ndipo odziwa kusintha ali kunja kwa dziko. Amuna anga anapinda pepala lija bwinobwino, n'kunena m'Chinyanja cha m'tauni muno: "Izatifikisa." Ankatero pa chilichonse. Nsapato, denga, ambulera, ukwati wathu.

Pa zaka zonsezi anandipempha chinthu chimodzi chokha. "Tsiku langa musakandikweze pa lole ngati thumba la makala. Ndikapite pa vaneti yanga." Ndinavomera ndikusenda mbatata, osakweza ngakhale mutu. Koma ndinavomera.

Kuika ndi Loweruka, tidikire abale a ku Katete.

Zoti zichitike:
1. Injini ya vaneti idzuke Loweruka.
2. Chimbudzi chileke kusefukira.
3. Kulira, mpata ukapezeka.

Lachiwiri, 8

Mipando yonse yatulutsidwa. Tebulo lodyera lili pansi pa mtengo wa mango. Ine ndili pa matiresi pakona, mpango kumutu. Sindiloledwa kutuluka panja, kuphika, kapena kukweza mawu. M'mabuku amene ndawerenga, ndi amene ndaphunzitsa ana a sukulu, mkazi wamasiye amaima pawindo mvula ikugwa. Kuno ndi ku Dambwa mwezi wa Okutobala, ndipo windo latsekedwa ndi misana ya amayi a kumpingo.

Malo amene ndimakhala ndekha ndi m'chimbudzi basi. Ndikulembera momwemo.

Za thanki. Valavu yake inaleka kutseka chaka chimene Dalitso, mwana wathu, ankayamba sekondale. Lero ndi bambo wa ana ku Kitwe. A Mbewe anamanga ndodo ya mpira woyandama ndi lamba wodulidwa ku chubu cha njinga, n'kukhoma msomali pakhoma. Ukagwetsa madzi umadikira thanki idzaze, kenako umakoleka lamba pamsomali. Nzeru yabwino m'nyumba ya anthu awiri. Anthu obwera kumaliro sadikira. Madzi afika m'kolido, amayi ena akuimba atanyamula mikeka m'manja.

Bana Chanda akukolopa uku akutukwana malemu. Iwo ndi Abemba, ndipo pamaliro a ife a kum'mawa Abemba ali ndi ufulu wonyoza aliyense, kuyambira womwalirayo. "Bamuna banu bathaba toileti chabe, palibe vya mtima apa."

Za vaneti. Ndatumiza uthenga kwa Ba Mubita, amene timagawana nawo khoma. Ankagwira ntchito kufakitale yolumikiza magalimoto isanatsekedwe. Uthenga wanga ndi uwu: injini musaitsegule. Valavu imodzi inapsa kalekale, imayendera masilinda atatu mwa anayi, imatsokomola koma imayenda. Choki, kandodo kokoka podzutsa injini, mupanire ndi pegi wa zovala, ali pafupi ndi chiwongolero. Giya yachiwiri. Mukankhe.

Yankho labwera ndi Bana Chanda omwewo: "Ba Mbewe sibangayende kumanda na masilinda yatatu. Bantu bazakamba chani? Tizaikonza, ni ulemu."

Ulemu!

Lachitatu, 9

Kuseri kwa khoma ndikumva sipanala. Mutu wa injini wachotsedwa. Akuti zitsulo zonse zayalidwa patebulo lodyera, panyuzipepala, chilichonse pamalo pake monga chinachokera. Ba Mubita ayika mnzawo woti aziingitsa nkhuku.

Dalitso wafika, maso ofiira. Wandikumbatira, kenako amutenga amuna panja.

Basi ya ku Katete nayo yafika. Mwatsika alamu anga a Tikambenji, mlongo wawo wamkulu wa a Mbewe, ndi anthu ena ambiri amene akuti ndi abale. Alendo afunika tiyi. Tiyi afunika tebulo. Zitsulo zonse zathiridwa m'beseni losambitsira ana. Ba Mubita akuti palibe vuto, dongosolo lonse lili m'mutu mwawo.

A Tikambenji akhala pambali panga, bondo kugunda bondo. Ntchito yawo ndi kuona kuti ndikulira moyenera. Ndikunong'oneza Bana Chanda kuti pegi uja asatayike. Alamu amva. "Mlamu, amuna anu ali kumochale, inu mukukamba za pegi?"

Akunena zoona. Sindikudziwa poyambira kufotokoza.

Masana a Tembo, mkulu wa mpingo, aganiza zothetsa nkhani ya chimbudzi. Apeza valavu yaikulu ya madzi panja, pafupi ndi mpanda, pansi pa mwala. Aitseka ndi mphamvu zonse za munthu wofuna kuthandiza. Chogwirira chathyokera m'manja mwawo.

Chimbudzi chaleka kusefukira. Mfundo yachiwiri yatheka!

Zalekanso: mpopi wa kukhitchini, bafa, mpopi wa panja, ndi nyumba yonse ya Ba Mubita, chifukwa nyumba ziwirizi zimamwera valavu imodzi. A Mbewe sanaikhudzepo valavu imeneyo. Mwala uja anaikapo ndi iwo. Ndinkaganiza kuti ndi wokongoletsa.

Lachinayi, 10

Zigubu, ndowa, mapoto. Amayi ali pamzere kupita ndi kubwera kumsewu wa kuseri, kumene mpopi wa banja lina ukugwira ntchito ya nyumba zitatu. Dzuwa likuotcha ngati lili ndi mlandu nafe. A Tembo akupemphera motalika kuposa masiku onse, maso ali pansi.

Ba Mubita atha m'mawa wonse kumsika wa ku Maramba. Abwera ndi valavu yochokera m'galimoto ya mtundu wina. "Ilingana. Yasiyana pang'ono chabe." Tsopano akuipala kuti ikhale bwino pamalo pake. Apakapo phala lakuda, akuizunguliza ndi kamtengo pakati pa zikhatho ngati akupekesa moto. Amuna akulandirana. Aliyense amene anakwerapo vaneti akufuna kupekesako. Phokoso lake ndi shii, shii, shii, tsiku lonse.

Landikumbutsa chinthu.

Lamulungu masana a Mbewe ankagona pamkeka pakhonde, ine n'kuika khutu pachifuwa pawo. Mitima ya anthu ena imati du, du. Wawo unkati du, fuu, ngati munthu akuuzira tiyi wotentha. Ndinauzolowera kwambiri moti tsiku loyamba kunyamula mdzukulu ndinada nkhawa, ndinaganiza kuti mtima wa mwanayo ndi umene uli ndi vuto. A Mbewe ankafunsa maso ali chitsekere, "Mwamva chiyani, adokotala?" Ndinkati valavu ikudontha. Yankho ndinkalidziwa kale.

Ndalira kufikira tiyi wa madzulo. A Tikambenji akhutira, andipatsa chitenje chawo chopukutira. "Eya, tsopano ndiye maliro."

Mfundo yachitatu yayambika, popanda kukankha.

Lachisanu, 11

Injini yabwezeretsedwa. M'beseni mwatsala kasipuling'i, mabawuti angapo, ndi kachitsulo kopindika kamene palibe akukadziwa. Ba Mubita akuti, "Ni vosalako chabe. Kufakitale tinali kuika vambiri."

Masana injini ikudzuka. Yokha, ndi kiyi, popanda wokankha! Amayi ena aimba nthungululu, kenako akumbuka kumene ali.

Ine sindikuizindikira. Zaka zonsezi ndinkaidziwa ndili kukhitchini: kutsokomola, kutsokomolanso, kenako kuphulika kamodzi pokhota pakona, agalu a Bana Chanda n'kuyamba kuuwa. Iyi ikulira mosalala, mwaulemu, ngati galimoto ya mlendo amene wasochera. Sindikuuza munthu, koma sindikuikonda.

Yalira mpaka kwaya itamaliza ndime imodzi. Kenako gwa, ngati poto wagwa pasimenti. Zii.

Ba Mubita abwera pakhomo, avula kapu, anjuta. Manja akuda mpaka m'zigongono. "Mulamu, valavu yagwela mukati." Dokotala ananena zofanana ndi zimenezi Lolemba, koma iye analibe kapu yovula.

Madzulo abale akumana pakhomo pomwepo kuti nanenso ndimve. A Tembo apeza lole kwa msuweni wawo. Imanyamula makala, koma aitsuka, madzi akapezeka. Onse akuvomera. Ndikumva mawu akutuluka pakona yanga, okwera kuposa mmene mwambo umalolera: "Anakana lole."

Amuna akuyang'ana pansi. Ndikudikira chigongono cha alamu m'nthiti. Sichikubwera. A Tikambenji akukonza mpango wawo. "Mlongo wangayu anali wamakani chibadwire. Mukamukweza pa lole atilotetsa tonse, ndipo ine ndimafuna tulo."

Chigamulo: bokosi pa vaneti, vaneti pachingwe, chingwe ku lole. Anthu pa lole.

Loweruka, 12

Chingwe ndi cha a Mbewe, chapezeka kuseri kwa mpando. Mfundo zachuluka kuposa chingwe. Dalitso akuchiyang'ana, akutsegula pakamwa, akutsekanso. Ndikudziwa mawu a bambo ake amene anafuna kunena.

Kumochale bwino. Kutchalitchi bwino. Ine ndili kutsogolo, pakati pa Ba Mubita ndi a Tikambenji. Ndapanira pegi pachoki ndekha, ngakhale injini ndi yakufa. Palibe wandifunsa.

Sindinakwerepo vaneti iyi ili chete. Ndikumva nyimbo za pa lole, matayala, ndi bokosi likugunda pang'ono kumbuyo tikaponda dzenje. Anthu m'mbali mwa msewu akuima, amuna akuvula zipewa. Ena akuizindikira vaneti, akuloza. Osema ziboliboli a ku Mukuni Park, amene a Mbewe ankawanyamulira mitengo, abwera pa minibasi yawo kumbuyo kwathu.

Pokhota kusiya tala kulowa msewu wa mchenga wopita kumanda, chingwe chaduka. Lole ikupitirira, ikuimba, yosadziwa kanthu. Ife taima.

Palibe wolamula. Zitseko za minibasi zikutseguka. A pa lole azindikira, akubwerera wapansi. Ba Mubita atsika, dzanja limodzi pachiwongolero, phewa pachitseko. Ndikuyang'ana pagalasi. Bana Chanda ali pa nyali ya kumanzere. A Tembo pakati. Mwini kantini wa pakona ali kumanja, pamene pali chibowo chogwira. Dalitso pamalo pamene ankaima ali mwana wa sukulu, asanapite kukakwera basi. Aliyense wapita pamalo pake osauzidwa, monga m'mawa uliwonse mumsewu wathu zaka zonsezi. Abale a ku Katete akusowa pogwira.

A Tikambenji atsika kuti galimoto ipepuke. Ine andiletsa.

Bana Chanda akukankha uku akufuula: "Zaka zonse izi tikukankhani, Ba Mbewe, na lelo futi! Simumvela nsoni?" Anthu akuseka, ena akulira, mchenga ukulowa m'nsapato za tchalitchi.

Pali kamtsetse pang'ono tisanafike pachipata. Vaneti yayamba kuthamanga. Ba Mubita adumphira mkati, aponda, alowetsa giya yachiwiri, asiya. Chizolowezi. Palibe chachitika, vaneti yangogwedezeka n'kuima. Akundiyang'ana. "Pepani, mulamu." Atsikanso.

Tafika mochedwa. M'busa anali atayamba kuyang'ana wotchi. Lole yafika ilibe munthu, dalaivala yekha.

A Mbewe atsika pa vaneti yawo.

Lamulungu, 13

Anthu akupita. Mipando yabwerera m'nyumba, ina pamalo olakwika. Tebulo lili ndi chizindikiro cha mafuta akuda chooneka ngati mutu wa injini, sichikuchoka. A Tikambenji atsala kufikira sabata yamawa, akuti ndimalira mosadalirika, pafunika wondiyang'anira.

Pulambala wabwera titachoka kutchalitchi, ndi sipanala yaitali ngati mkono. Watsegula valavu yaikulu. Akuti yatseguka, koma siidzatsekekanso mpaka aikepo ina, ndipo ina kulibe m'tauni muno pakali pano. Ndamupempha abwezeretse mwala. Mipopi yatsokomola, yalavula dzimbiri, madzi abwera. Kwa Ba Mubita ndamva akazi awo akuimba m'bafa.

Vaneti yabwera ndi chingwe china, ili pansi pa mango, miyala kumatayala. Ba Mubita akuti pali munthu ku Maramba amene akudziwa munthu amene ali ndi injini. Ndawathokoza. Nkhuku yayamba kale kuyendera mpando wa dalaivala.

Kuunika mfundo:
1. Injini sinadzuke.
2. Chimbudzi chinaleka masiku ochepa, chayambiranso.
3. Zikupitirira, nthawi zosayembekezereka. Lero chifukwa cha sopo wawo wometera.

Zatsala: beseni la kasipuling'i ndi kachitsulo kosadziwika, theka la chingwe, pegi m'thumba la diresi langa lakuda, pepala lopindidwa lokhala ndi chithunzi cha kachitseko.

Thanki ikudzaza. Ndikudikira. M'nyumba muno tsopano muli munthu mmodzi wodziwa kukoleka lamba pamsomali.