Bondo la Mphezi

A Kakowa anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, akadali wotikita minofu wa timu ya mpira. Dzinalo linachokera ku mayeso awo: wosewera aliyense ankavala sokosi ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, osatsamira khoma. Akadzandira, ankati bondo lake liguluka, ndipo kochi sankamulowetsa m'bwalo. Kochiyo ankawaopa, chifukwa goloboyi wina ananyozera n'kukathyoka tsiku lomwelo.

Mphezi, mnyamata womwetsa zigoli, anafunsira mwana wamkazi wa a Kakowa, n'kumusiya ukwati utalengezedwa kale. A Kakowa sanakalipe. Anangomudikirira m'chipinda chovalira.

"Vala sokosi, mkamwini."

Mphezi anavala, ali njoo ngati mtengo wa magetsi.

"Wadzandira."

"Bambo, ndadzandira pati?"

"M'kati. Iwe sungaone. Kakhale pabenchi."

Kenako kunamveka kuti akuluakulu a timu yaikulu akubwera kudzamuona akusewera. Mphezi anayeserera kunyumba sabata yonse, atakwera pampando, atatsinzina, ndowa ili pamutu. Tsikulo anavala sokosi bwinobwino, mpaka anzake anawomba m'manja.

"Lero ndiye mwaona, bambo?"

"Ndaona. Bondo lofatsa chonchi n'loopsa. Likubisa kanthu."

Kochi anachonderera. "Madala, zigoli zathu zili mwa mnyamatayu."

"Mulowetseni. Akathyoka mukamunyamule nokha, ine machira sindigwira."

Kochi anamusiya Mphezi pabenchi. Alendowo anatenga wina.

Chaka chinatha Mphezi akupukuta benchi ndi kabudula. A Kakowa ankanyadira pagulu. "Chaka chonse osavulala! Bambo ake omubala akanamusamala chonchi?"

A Kakowa atagonekedwa m'chipatala, Mphezi anapita kukapepesa. Anagwada pambali pa bedi. A Kakowa anamusiya alankhule mpaka amalize, maso ali pa miyendo yake.

"Ndamva. Koma bokosi langa usadzanyamule. Udzandigwetsa."

Pamaliro Mphezi anayenda pambuyo, manja ali kumsana, ndipo analira kuposa achibale.

M'chipinda chovalira tsopano muli zii. Fungo la mafuta otikitira linatha. Anyamata amavala atakhala pansi, wina akapweteka bondo amangodzisisita yekha, palibe womutukwana. Mphezi amamata matayala pa galaja ina pafupi ndi bwalo. Mawondo ake onse ndi abwinobwino. Kochi watsopano sadziwa n'komwe kuti ankasewera mpira.