Bokosi Lopanda Adiresi

Usiku wathawu ndinalota zondiumitsa kukhosi, anzanga, ndipo musandiseke. Paja mawu a malemu mkazi wanga Nangondo, amene anamujambula akuimba, ali ku wailesi ya kwathu kuno. Mwezi watha ndinathandiza nawo kukoka mawaya a bokosi losungiramo zonse, kuti kompyuta yaikulu ya pa wailesiyo ikadzafa mawuwo asadzafe nayo.

Ndiye ndikuona ndili m'chipinda chomwe tinaikamo bokosilo, dzuwa lili paliwombo koma palibe chinthu chokhala ndi mthunzi. Bokosi lija linatsokomola n'kundilankhula.

"A Gwedeza, nyumba munandimangira, koma adiresi yokhazikika ayi. Kukacha nambala yomwe makompyuta amandipezera yasintha. Alendo anga akusochera."

Mwadzidzidzi waya anatupa n'kusanduka msewu, ine ndili pakati. Msewu wake umodzi wokhawo, mavidiyo a mpira, mauthenga a maliro, zonse zikukankhana ngati pa depoti. Kumapeto kwenikweni anafola anthu akufa, aliyense atasenza mawu ake m'lichero. Nangondo anali wachisanu ndi chiwiri. Sanandiyang'ane. Anangoti dzulo anagogoda pa nambala imene anauzidwa, yemwe anatsegula ndi pulinta yosindikizira mapepala, n'kumuuza kuti pano sitisunga nyimbo.

Ndiye ndinathamangira kwa a Kamphonje, oyang'anira wailesiyo, kukapempha kuti bokosi alipatse msewu wakewake ndi nambala yosasintha. Iwo anati kagetsi kobiriwira ka pa bokosilo kakuyaka, choncho zonse zili bwino. Ndinafunsa ngati anayesapo kutulutsamo mawu, ngakhale a munthu mmodzi. Diso lawo lina linatembenukira kunkhongo, tayi n'kupotana kukhala mchira. Uyo bilimankhwe pampando, akusintha mtundu, akudinda mapepala ndi lilime.

Mwadzidzidzi kompyuta yaikulu inayamba kufuka utsi. Ndinavundukula bokosi lija. Munali mphasa zokhazokha, zoyalidwa bwino, zosagonapo munthu.

"Abambo a Tiyamike," anatero Nangondo chapansipansi, "mvula iyo, malichero anyowa. Tchulani nambala tilowe."

Ndinatsegula pakamwa. Nambala zinatuluka ngati ngumbi, n'kumathothoka mapiko zisanafike kwa iye. Ndinagwada kuti ndizitole, ndiziyale mwa ndondomeko, koma zinkayenda. Iye anayamba kuzilala kuyambira kumapazi, nyimbo ikudontha pansi pa lichero, mawu amodziamodzi, dothi likumwa.

Ndinali nditagwira zitatu, yachinayi ikundiyenda pa chala, pamene ndinadzidzimuka. Aneba anali kuseri, akukwecha poto ndi mchenga.