Nkhondo ya Thabwa la Malemu Tollefson

Tcherani khutu, inu a ku Minnesota, inu amene mwatha miyezi isanu mukukokolola chipale chofewa pakhomo ndi fosholo. M'chaka chija chisanu chinakanirira mpaka Epulo, mitengo itangoyamba kuphukira, kunabuka nkhondo m'khitchini mwanga, ndipo ine Duane, wotsuka mipeni, ndinaiona ndi maso angawa.

Gwero lake linali thabwa. Malemu apongozi anga a Tollefson analipala ndi manja awo, ndipo chaka chilichonse ankayalapo tchizi, masoseji ndi zipatso polandira alendo oyamba kunja kukafunda. Anasiya ana aakazi awiri, koma thabwa limodzi.

Kumadzulo kwa tebulo kunaima mkazi wanga Lorna, Mfumukazi ya Mafiriji Awiri, Wopinda Soseji Ngati Maluwa. Kum'mawa kunaima mng'ono wake Gretchen, Namondwe wa ku Duluth, Wokumba Anyezi Wakutchire, amene malo ake okumba sanaululirepo ngakhale mwamuna wake.

"Achemwali," anatero Gretchen atakweza mpeni wopakira batala, "thabwali mwakhala nalo zaka zitatu. Bambo ankaika pakati tchizi chosakaniza ndi anyezi wangayu. Inu mwangodzazapo soseji ngati tili pamaliro a nkhumba."

"Iwe Gretchen, anyezi wakoyo wanunkhitsa kale makatani. Ndinkakusintha matewera ine, usandiphunzitse kuyala thabwa."

Tsono anapangana pamaso panga kuti mzere wa masitiroberi ukhale malire, aliyense ayale mbali yake, ndipo amene mbali yake alendo ayambe kuimaliza, thabwa likhala lake mpaka kalekale.

Alendo anafika, anavula nsapato pakhomo, anadandaula za matope, kenako anagwera thabwa lija mopanda chisoni. Mabisiketi anagwa m'mizere yawo, uchi unakhetsedwa, malire a masitiroberi anadyedwa onse. Fumbi litatsika, kwa Lorna kunatsala kasoseji kamodzi, kwa Gretchen kachidutswa kamodzi ka tchizi.

Apa mpamene akazembe awiriwa anazindikira kupusa kwawo. Kwathu kuno munthu satenga chidutswa chomaliza, ngakhale njala imuphe. Amadula theka.

"Ndingolawako pang'ono," anatero abusa Lindqvist, nadula soseji pakati.

"Ine ndakhuta kale," anatero a Bev oyandikana nafe nyumba, nadula tchizi pakati.

Theka lija linadulidwanso, ndi theka la thekalo, mpaka soseji inatsala ngati chikhadabo. Lorna anali thukuta kamukamu. Anandiponda phazi pansi pa tebulo.

"Duane, idyani kasosejiko," ananong'ona.

Ndinkafuna, ndikulumbira. Koma nanenso ndinabadwira konkuno. Dzanja langa linatola mpeni, n'kudula theka. Diso limene Lorna anandiponyera sindidzaliiwala.

Alendo atatha mphindi makumi anayi akutsanzikana pakhomo, abale awiriwa anatsala akuyang'ana tinyenyeswa tiwiri pa thabwa lonse lija.

"Bambonso ankasiya chomaliza," anatero Gretchen, mawu atatsika.

"Ankati n'cha amayi. Amayi n'kumati n'cha bambo."

"Ife n'kuba, n'kukagawana kugalaja."

Lorna anapukuta m'maso ndi nsalu ya mbale. Ndipo mwaulemu woyenera mafumu, aliyense anatola kamtengo kotokosera mano, Lorna anabaya tchizi cha mng'ono wake, Gretchen anabaya soseji ya mkulu wake, nameza nthawi imodzi, ine ndikuimba chivundikiro cha poto ndi supuni.

"Basi thabwali tingogawana," anatero Lorna. "Duane, kanitengereni sowo."

Ndinathamanga kugalaja, sowo ndinaibisa m'firiji yachiwiri, pansi pa nsomba.

Lero thabwa limakhala miyezi isanu ndi umodzi kwathu, ina yonse ku Duluth. Tikamakalitula, Lorna ndiye amayendetsa galimoto, thabwa limakhala kutsogolo litamangidwa lamba. Ine, munthu amene anadula theka, ndimakhala kumbuyo ndi galu.